INJINI YA NDEGE IKAZIMA M'MWAMBA

Kodi munaonapo kandege kakang'ono kakudutsa pamwamba pa mudzi wanu? Mwina munali kumunda ku Champhira, kapena pa msika wa Jenda, ndipo munakweza maso. Ambiri timadzifunsa kuti, "Nanga injini ija itazima, anthu ali m'katimo zingawathere bwanji?" Ena amati basi, ndege imagwa ngati mwala. Zimenezo si zoona. Tiyeni tione chimene chimazimitsa injini, chimene woyendetsa amachita, ndi chimene inu mungachite ndege itatera m'munda mwanu.

Ndege zomangira pakhomo

Si ndege zonse zimene zimachokera ku fakitale ziri zathunthu. M'maiko ena anthu amagula zipangizo za ndege m'mabokosi ndi kuzilumikiza okha kunyumba, monga momwe mmisiri amamangira njinga yatsopano yochokera m'katoni. Ndege zotere zimanyamula munthu mmodzi, awiri kapena anayi. Ku America ziripo zoposa 30,000.

M'chaka cha 2019 ana a sukulu 20 a ku South Africa anamanga ndege yotere ya mipando inayi, yotchedwa Sling 4. Inauluka kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo, m'dziko la Egypt, ndipo pa ulendowo inateranso kuno ku Malawi. Inafika bwino. Koma pobwerera, pa 3 Ogasiti, ndege ina yaing'ono imene inali kuwaperekeza inanyamuka ku Tabora, m'dziko la Tanzania, kulunjika ku Lilongwe. Patangopita kanthawi woyendetsa ananena pa wailesi kuti injini yavuta. Ndegeyo inagwa ndi kupsa, ndipo abambo awiri anamwalira.

Kwathu kunonso amisiri aluso alipo. M'chaka cha 2016 mmisiri wina wowotcherera zitsulo, wa m'mudzi wina kumpoto kwa Lilongwe, anamanga helikoputa ya munthu mmodzi ndi zitsulo zakale ndi injini ya njinga yamoto. Anamuletsa kuyesa kuuluka mpaka akuluakulu oyang'anira za ndege atayiona. Sanamuletse chifukwa cha nsanje ayi. Njinga ikazima pamseu mumatsika n'kumakankha, koma m'mwamba mulibe poimika.

Ku America bungwe la boma lofufuza ngozi linawerengera ngozi za m'chaka cha 2011. Linapeza kuti pa ndege zazing'ono 100 zirizonse, zomangira pakhomo zinali pafupifupi 10, koma pa ngozi 100 zimene zinapha anthu, 21 zinali za ndege zimenezi. Vuto lalikulu linali la injini, makamaka ndege ikadali yatsopano. Lamulo la kumeneko limati ndege yotere iyambe yayesedwa mokwanira, kutali ndi midzi ya anthu ambiri, isananyamule aulendo.

Chimazimitsa injini n'chiyani?

Injini ya ndege yaing'ono siisiyana kwenikweni ndi ya njinga ya kabaza. Imafuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto wa pulagi. Chimodzi chikasowa, injini imazima.

Choyamba ndi kutha kwa mafuta. Nthawi zina mafuta amakhalamo ndithu, koma woyendetsa watsegula mpopi wa thanki imene yauma, kapena sefa yatsekeka ndi zinyalala.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi amalemera kuposa petulo, motero amadikha pansi pa thanki, pamene paipi imakokera mafuta. N'chifukwa chake woyendetsa wosamala amayamba wakhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koyera ndi kuwayang'ana asananyamuke.

Chachitatu ndi mafuta olakwika. Akuluakulu a kuno ku Mzimba amene anapita ku migodi ndi Wenela akukumbuka tsoka la pa 4 Epulo 1974. Ndege yaikulu ya injini zinayi inanyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, itanyamula anthu obwerera kwawo kuchokera ku Joni. Mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina, okhala ngati parafini. Injini zinafooka, ndegeyo n'kugwa pafupi ndi bwalo. Mwa anthu 84 anamwalira 78, ndipo ambiri anali Amalawi. Ngati mafuta oipa anagwetsa ndege ya injini zinayi, nanga kandege ka injini imodzi?

Chachinayi n'chodabwitsa: madzi oundana. Mu kabuleta, momwe petulo amakumana ndi mpweya, mumazizira kwambiri. Tsiku la chinyezi, ngakhale kunja kusazizire, madzi angathe kuundana m'menemo ndi kutseka njira ya mpweya. Woyendetsa akamva injini ikutsokomola amalowetsamo mpweya wotentha kuti asungunuke.

Chachisanu ndi dzanja la mmisiri: nati yosamanga bwino, paipi yopindika, waya wolekera. Ili ndilo vuto la ndege zomangira pakhomo, pakuti wozimangayo kawirikawiri ndi ndege yake yoyamba.

Injini yazima, nanga tsono?

Munaonapo mphamba ikuzungulira pamwamba pa nkhuku zanu? Imatambasula mapiko osakupiza, koma siigwa. Mphepo yodutsa m'mapiko ndiyo imaichirikiza. Ndege nayo ndi chimodzimodzi. Injini ntchito yake ndi kuikokera kutsogolo, koma choinyamula ndi mapiko. Injini ikazima, ndege imatsetsereka pang'onopang'ono monga njinga pa mtsetse, ndipo chiwongolero chimagwirabe ntchito. Kandege kakakhala kilomita imodzi kuchokera pansi, kangathe kuyenda makilomita 8 kapena 9 kasanagunde nthaka.

Woyendetsa aliyense amaphunzira zimenezi asanalandire chiphaso. Poyamba amaweramitsa mphuno ya ndege pang'ono kuti liwiro lisathe, pakuti ndege ikachedwetsa mapiko amaleka kunyamula. Kenaka amasankha malo oterapo. Akatero amayesa kulizanso injini. Ikakana, amaitana pa wailesi ndi mawu akuti "Mayday", amene ndi mfuu yopempha thandizo, ndi kunena pamene ali. Atatsala pang'ono kutera amatseka mafuta ndi magetsi kuopa moto, ndipo onse amamanga malamba zolimba.

Nthawi yoopsa koposa ndi pamene ndege yangonyamuka kumene. Imakhala ikadali pafupi ndi nthaka, ndipo mpata woganiza ndi wochepa. Mtima umati bwerera ku bwalo, koma ambiri afera pokhota pamenepo. Aphunzitsi awo amati ndi bwino kutera kutsogolo komweko, ngakhale pakhale pa tchire.

Malo oterapo

Woyendetsa amafuna malo osalala, otalika ngati mabwalo a mpira atatu kapena anayi. Amatera moyang'anana ndi mphepo kuti liwiro lichepe. Utsi wa m'midzi mwathu ndiwo umamuuza kumene mphepo ikuchokera.

Dziko lathu lino liri ndi misampha yake. Munda wa chimanga uli ndi mizere, ndipo ndege iyenera kutsata mizereyo, chifukwa ikaidula mateyala amathyoka. Dambo limaoneka bwino kuchokera m'mwamba, koma nthawi ya dzinja mateyala amatitimira ndege n'kugudubuzika. Palinso zitsa, zulu ndi ng'ombe. Mseu wa M1 ndi wosalala, koma uli ndi galimoto, anthu ndi mawaya a magetsi. M'nkhalango ya Perekezi ndi m'mapiri a Viphya malo abwino ndi osowa. Komabe ndege imene yafika pansi pang'onopang'ono, woyendetsa akuiwongolera, kawirikawiri imaphwanyika yokha anthu n'kupulumuka.

Zimene inu mungachite

1. Mukaona ndege ikutsika mwakachetechete, kapena injini ikutsokomola, chokani pa malo oyera. Itanani ana. Musathamangire kumene ikulowera.

2. Ikaima, musayandikire kutsogolo kwake. Chitsulo chozungulira chija, chimene amati pulopela, chimadula munthu ngati nkhwangwa. Ngakhale chitaima, musachigwire.

3. Musasute fodya, musayatse machesi, musabwere ndi muuni. Petulo wa ndege sachedwa kuyaka. Musamutape kuti mukathire m'njinga kapena m'nyali.

4. Thandizani ovulala. Ngati pali utsi kapena fungo la petulo, atulutseni msanga ndi kupita nawo kutali. Ngati palibe choopsa, munthu wodandaula khosi kapena msana musamunyamule chisawawa. Pamene pakutuluka magazi psinjanipo ndi nsalu yoyera. Mufunditseni, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa.

5. Tumani munthu kwa amfumu, ndipo wina aimbire apolisi ndi chipatala chapafupi, monga cha Embangweni kapena cha ku Mzimba boma. Nenani dzina la mudzi, mtsinje kapena phiri, nthawi yake, ndi chiwerengero cha ovulala. Lembani malemba ndi manambala ali pa thupi la ndegeyo.

6. Musatole kanthu. Kachitsulo kamene mungati n'kachabe kangauze ofufuza chimene chinavuta, ndipo ena adzapulumuka nako mtsogolo.

Ngakhale ndege simunaione, ngati mwamva kulira kwachilendo kapena kuphulika, kaneneni. Tonse tikukumbuka za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha anthu 9, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima. Imeneyo sinali yomangira pakhomo, ndipo akatswiri a ku Germany amene anafufuza analemba kuti inalowa m'chifunga ndi kuomba phiri. Koma taonani: inapezeka mawa lake. M'nkhalango ndi m'chifunga, ofunafuna amadalira makutu ndi maso a anthu a m'midzi yapafupi. Mawu anu angafupikitse ntchito yawo.

Tsono mukadzaonanso kandege kakudutsa, dziwani kuti kuzima kwa injini si imfa ayi. Woyendetsa ali ndi mapiko ndi maphunziro ake. Chimene alibe ndi munthu womudziwira dera lino, ndipo munthuyo ndinu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injini imafuna kuti ilire.
2. Chifukwa chiyani ndege siigwa ngati mwala injini ikazima?
3. M'mudzi mwanu, ndi malo ati pamene kandege kangatere? Pali zoopsa zanji?
4. Lembani uthenga waufupi wouza apolisi kuti ndege yatera m'munda mwanu.