Galimoto yakale yamaonekedwe kapena yatsopano? Werengani mtengo wonse musanagule

Mukamayenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, Mbulumbuzi mpaka pa Namadzi, simulephera kuona galimoto yakale itakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ina. Matayala anaphwa kalekale, pansi pake anaikapo njerwa, ndipo nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Iliyonse mwa galimoto zimenezi inafika pakhomopo anthu akululutira. Zambiri sizinafe pa ngozi. Zinaima chifukwa kachitsulo kamodzi kanasowa, kapena chifukwa mwini wake anali ndi ndalama zogulira koma analibe zoyendetsera.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa m'maboma ngati la Chiradzulu, ena kukagwira ntchito kuchipatala cha paboma kapena ku Nguludi, ena kukaphunzitsa ku Namitambo kapena ku Thumbwe. Malipiro akangoyamba kubwera, mtima umathamangira pa galimoto. Ndipo pakati pa achinyamata pali ena amene mtima wawo uli pa galimoto zothamanga, zotsika, za zitseko ziwiri, zija pa Chingerezi amati sports car. Funso limakhala lakuti, kodi ndigule yakale yotchuka imene aliyense adzaicheukire, kapena yatsopano? Yankho lagona pa zinthu zingapo zimene wogulitsa sangakuuzeni.

Yakale ndi iti, nanga yatsopano ndi iti?

Tikamati yakale yotchuka tikunena galimoto ngati MGB ya ku Britain, imene inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, Datsun 240Z imene inatuluka mu 1969, Ford Capri ya chaka chomwecho, kapena Toyota Celica zoyambirira za m'ma 1970. Kutchuka kwake sikwabodza. Datsun 240Z inapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1971 ndi mu 1973, m'misewu yafumbi ndi matope. Peugeot 504, imene agogo athu amaidziwa bwino ngakhale kuti sinali ya zitseko ziwiri nthawi zambiri, inapambana mpikisano womwewo mu 1975. Choncho akuluakulu akamati galimoto zakale zinali zitsulo zenizeni, ali ndi pogwira.

Koma mawu akuti yatsopano kwathu kuno ali ndi tanthauzo lina. Ndi anthu ochepa amene amagula galimoto imene sinayendepo. Imene timaitcha yatsopano nthawi zambiri ndi yochokera ku Japan, yoti yayenda kale zaka zisanu ndi zitatu, khumi kapena kupitirira. Ku Japan galimoto imayenera kupimidwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake anthu akumeneko amagulitsa galimoto zikadali zolimba, n'kumabwera kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, kapena kudzera ku Durban ndi ku Beira. M'gulu limeneli muli Vitz, Sienta ndi Axio zimene tazizolowera, komanso zothamanga ngati Mazda MX-5, imene inayamba kupangidwa mu 1989, ndi Toyota 86 ya mu 2012.

Ubwino wa yakale

Galimoto yakale ndi yosavuta kuimvetsa. Mafuta amalowa mu injini kudzera mu kabureta, moto umagawidwa ndi disitibyuta, ndipo mulibe kompyuta. Makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuipeza vuto pongomvetsera kulira kwa injini, n'kuikonza ndi sipanala ndi sikuludiraiva. Batire ikatha, anyamata atatu amaikankha n'kulira. Mwini wake akakhala ndi chidwi amaphunzira kukonza zambiri yekha, ndipo pali chimwemwe chenicheni poyendetsa galimoto imene waidzutsa ndi manja ako.

Chinanso n'chakuti galimoto yotchuka yosamalidwa bwino sitsika mtengo ngati zinazi. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America zina zimakwera mtengo chaka ndi chaka. Koma apa mpofunika kusamala. Kukwera mtengoko kumachitika kumene kuli anthu ambiri osonkhanitsa galimoto zakale. Kuno ogula oterewa ndi owerengeka, ndipo tsiku limene mungafune ndalama mwachangu, Sienta imapeza wogula msanga kuposa Capri.

Mafuta anasintha, injini sinasinthe

Galimoto ya m'ma 1970 inapangidwira petulo wa nthawi imeneyo. Petulo ameneyo ankasakanizidwa ndi mtovu, umene unkateteza malo amene mavavu amamenya mkati mwa injini. Chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka ku ubongo wa ana, maiko a mu Africa a kum'mwera kwa Sahara anasiya kugulitsa petulo wotere pofika mu 2006. Injini zina zakale, monga ya MGB, zimaperepeseka pamalo amenewa zikamayenda nthawi yaitali ndi petulo wamasiku ano, pokhapokha mutasintha zitsulozo kapena kumathira mankhwala apadera m'thanki.

Kuwonjezera apo, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Ntchito imeneyi inayamba m'ma 1980 ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa labala wamtundu wakale. Galimoto imene yakhala zaka zambiri osayenda imafunika kuisintha mapaipi a mafuta ndi kutsuka thanki isanalowe mumsewu, chifukwa paipi yong'aluka pafupi ndi injini yotentha ndiyo imayambitsa moto.

Ndiye pali kamwedwe. Tingoyerekeza kuti mukukhala ku Limbe ndipo mukuyenda makilomita 50 patsiku kupita ndi kubwera kuntchito ku Chiradzulu, masiku 22 pamwezi. Amenewo ndi makilomita 1,100. Galimoto yoyenda makilomita 8 pa lita imodzi idzamwa malita pafupifupi 138, pamene yoyenda makilomita 16 pa lita idzamwa malita 69. Pachaka kusiyana kwake kumapitirira malita 800. Chulukitsani ndi mtengo umene bungwe la MERA lalengeza, mufananize ndi malipiro anu. Kumbukiraninso mizere ya pa malo omwetsera mafuta imene taiona m'zaka zapitazi: womwa kwambiri amagona pamzere kawirikawiri.

Sipeya ili kuti?

Apa ndi pamene galimoto zambiri zakale zimagonera. Chiradzulu ili ndi mwayi wokhala pafupi ndi Limbe ndi Ndirande, kumene kuli mashopu a masipeya ndi amakaniko ambiri. Koma mashopu amasunga zimene zimagulidwa. Mabuleki a Corolla kapena Vitz mumawapeza tsiku lomwelo, atsopano kapena ochotsa ku galimoto ina. Galasi lakutsogolo la Datsun 240Z muyenera kuitanitsa ku South Africa, ku Britain kapena ku Japan, kulipira ndi ndalama zakunja, n'kudikira masabata.

Ndalama zakunja nazo sizipezeka mwachisawawa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chochokera kunja chinakwera nthawi yomweyo. Vutoli limakhudzanso zothamanga zatsopano. MX-5 ndi Toyota 86 sizichuluka m'misewu yathu, choncho bampala kapena nyali yake idzakuvutani kupeza pafupifupi ngati ya yakale ija. Lamulo losavuta ndi ili: muwerenge galimoto za mtundu umene mukufunawo zimene mungaone pa siteji ya Limbe mu ola limodzi. Zikachuluka, sipeya yake ilipo.

Msewu wa kwathu ndi anthu a kwathu

Galimoto yothamanga amaipanga yotsika dala kuti igwire msewu pokhota. Zimenezi n'zabwino pa tala wosalala. Koma mukapatuka kusiya tala kulowera kumudzi, nthawi ya mvula, mimba ya galimoto imakhula pansi. Mwala umodzi ukhoza kuboola sampu, oyilo yense n'kutayika, ndipo mukapitiriza kuyenda injini imafa. Matayala opyapyala amene amaoneka bwino aja sapirira maenje, ndipo limu ikapindika ndiye kuti ndalama zina zapita. Anthu a ku Chiradzulu akukumbukira mmene namondwe wa Freddy anaonongera misewu ndi milatho mu March 2023. Masiku ngati amenewo funso silikhala liwiro, koma ngati galimotoyo ingadutse.

Tisaiwalenso kuti kwathu kuno galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Mukangoigula, ndinu amene mudzagogodedwe pakati pa usiku mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka. Ndinu wonyamula matumba a feteleza a amayi anu, ndiwo zopita kumaliro, ndi achikulire opita kutchalitchi. MX-5 ili ndi mipando iwiri yokha. Wodwala akakwera, womudikirira atsala. Mwina mukhoza kunena kuti galimoto ndi yanu ndipo muli ndi ufulu wosankha, ndipo n'zoona. Koma ndi bwino kusankha mukudziwa zimene mudzayenera kukana.

Chitsulo cholimba si chitetezo

Pali chikhulupiriro chakuti galimoto yakale imateteza bwino pa ngozi chifukwa chitsulo chake n'chokhuthala. Zoona zake ndi zosiyana. Galimoto zamakono amazipanga kuti kutsogolo kwake kukwinyike pa ngozi, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo m'malo mothera m'thupi la munthu, pamene chipinda chokhala anthu chimakhala cholimba. Mu 2009 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linaombanitsa dala Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Mu yakale ija chipinda cha woyendetsa chinaphwanyika, chiwongolero n'kukankhikira kwa chidole chimene chinali pampando. Mu yatsopano chipindacho chinatsala bwinobwino.

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anayambitsidwa ndi kampani ya Volvo mu 1959, koma zina zinabwera mochedwa. Mabuleki a ABS, amene amathandiza kuti matayala asaume n'kuyamba kutsetsereka, anayamba kufala pambuyo pa 1978. Matumba a mpweya otulukira pa chiwongolero anafala m'ma 1990. Galimoto zambiri za 1972 zilibe ABS kapena matumba a mpweya, komanso zaka makumi asanu za dzimbiri zafooketsa chitsulo chomwe chija. Pa msewu wa Zomba, pamene mumakumana ndi maminibasi, akabaza ndi ana a sukulu, kusiyana kumeneku ndi nkhani ya moyo. Ife amene tikuphunzira zaumoyo tikudziwa mmene ovulala pa ngozi amafikira kuchipatala.

Yatsopano nayo ili ndi zake

Musaganize kuti yochokera ku Japan ilibe mavuto. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Injini yake imayendetsedwa ndi kompyuta ndi masensa, ndipo nyali ya chenjezo ikayaka pamafunika makina oiwerengera, osati kungoganizira. Zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT imene imafuna oyilo wakewake. Mukathira wina, giyabokosi imaonongeka ndipo mtengo wake ndi woliza. Za mtundu wa hybrid, monga Toyota Aqua, zimamwa pang'ono koma batire yake yaikulu ikatopa imafuna ndalama zambiri. Makilomita olembedwa pa dashibodi nawo amatha kubwezedwa ndi anthu achinyengo.

Pa msonkho, bungwe la MRA limayang'ana, mwa zina, kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo ya injini yaikulu imalipitsidwa msonkho wokwera. Choncho mtengo umene mwauona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Muwonjezepo zonyamulira, msonkho, kulembetsa ku Road Traffic, inshulansi ndi COF.

Musanapereke ndalama

Safunsa anadya phula. Kaya mwasankha iti, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muione masana, injini ikadali yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa zambiri. Suzumirani kunsi, kwezani makapeti, muone dzimbiri. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikudya oyilo, ndipo oyilo wooneka ngati mkaka umasonyeza kuti madzi akulowa mu injini. Nambala ya chesisi ifanane ndi ya pa bulubuku, ndipo dzina la pa bulubuku likhale la amene akukugulitsaniyo. Kusintha umwini kuchitike msanga ku Road Traffic. Pomaliza, musathere ndalama zonse pogula. Siyaniko zokwanira matayala, batire ndi kukonza koyamba. Ngati mukutenga ngongole, kumbukirani kuti banki imadula mwezi uliwonse, galimoto ikuyenda kapena ili pa njerwa.

Galimoto yakale yothamanga ndi yabwino kwa munthu amene ali kale ndi ina yoyendera, ali ndi malo oisungira, ndipo sadzasowa tulo ikakhala miyezi itatu ikudikira sipeya. Kwa mphunzitsi kapena namwino amene akuyamba kumene ntchito ku Chiradzulu, galimoto yoyamba ikhale yofala, yokwera pang'ono, yomwa mafuta ochepa ndiponso yonyamula anthu asanu. Datsun ija musaiiwale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ikadzabwera ngati yachiwiri mudzaikonza mosathamanga, ndi ndalama zanu, Lamlungu masana.