Kasungidwe ka injini ndi boti pa nthawi imene sitikupita panyanja

M'madoko ambiri tikuona asodzi amene agula injini kwa nthawi yoyamba, ena ndi ndalama za usipa, ena pangongole. Koma injini zambiri zimaonongekera kumtunda, pamene zangokhala, osati pamadzi ayi. Izi zimachitika nthawi ya mwera, makamaka mu June ndi July pamene maboti amakhala pagombe masabata angapo, komanso nthawi yotseka nyanja. Kwa anzathu a pachilumba cha Mbenji ku Salima, amene amatseka kuyambira December mpaka April, injini imagona miyezi inayi. Tsiku lotsegula likafika, ena akupita kukakoka chilimira, inu muli kwa makaniko ndipo ngongole ikudikira.

Kutsuka

Imikani mwendo wa injini mu mgolo wa madzi oyera ndi kuiliza kwa mphindi zisanu kuti mchenga ndi matope zituluke. Musailize popanda madzi ngakhale pang'ono, chifukwa kampira kamene kamapopa madzi oziziritsa injini kamapsa nthawi yomweyo.

Petulo

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Petulo akakhalitsa, madzi amadikha pansi pa thanki. Wotsalira mu kabuleta amauma n'kusiya utomoni umene umatseka timabowo todutsa mafuta. Choncho injini ikulira mu mgolo muja, chotsani paipi ya mafuta, muisiye mpaka izime yokha. Kenaka masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti wotsala atuluke. Petulo wosakaniza kale ndi oilo musamusungire nyengo ina. Ndipo chigubu cha petulo chisakhale m'nyumba yogona kapena pafupi ndi pamene amayi amawambira nsomba.

Mkati mwa injini

Masulani mapulagi, thirani kasupuni kamodzi ka oilo wosakaniza ndi petulo uja m'bowo lililonse, ndipo kokani chingwe pang'onopang'ono kangapo. Oilo ameneyu amateteza mkati ku dzimbiri. Bwezerani mapulagi. Pakatha milungu iwiri iliyonse kokaninso chingwe kuti injini isagwirane.

Oilo wa m'magiya ndi pulopela

Khetsani oilo wa kumwendo. Akatuluka woyera ngati mkaka, dziwani kuti mwalowa madzi, ndipo pitani nayo kwa makaniko tsopano lino, osadikira tsiku lotsegula. Oilo watsopano athiridwe kudzera m'bowo la pansi mpaka atulukire m'bowo la pamwamba. Chotsaninso pulopela. Kawirikawiri kumbuyo kwake kumakulungika ulusi wa ukonde, ndipo ulusi umenewu ndi umene umadula kampira kotchinga madzi. Chotsani ulusiwo, pakani girizi, bwezerani.

Malo osungira

Injini isungidwe choimirira pa thabwa lolimba, m'nyumba mouma ndi mokhoma. Mutu usatsike kuposa mwendo, chifukwa madzi otsalira amabwerera mkati. Funditsani chiguduli osati pulasitiki, popeza pulasitiki amasunga chinyontho. Chenjerani ndi makoswe amene amatafuna mawaya ndi mapaipi, komanso mavu amene amamata dothi pakabowo kotulukira madzi. Lembani nambala ya injini m'kope lanu, ndipo ilembedwenso m'kaundula wa komiti ya pagombe. Injini ikabedwa, nambala imeneyi ndiyo umboni wanu kupolisi.

Boti

Kokerani boti kumtunda kumene mafunde a mwera safika. Likhale pa mitengo, lisagunde pansi, kuopa chiswe ndi kuola. Lifunditseni udzu kapena mikeka, chifukwa dzuwa limaumitsa matabwa n'kutsegula mipata. Nthawi ya mvula kapani madzi kuti asadikhemo. Ino ndiyo nthawi yabwino yosintha misomali ya dzimbiri, kumata phula ndi kupenta.

Pobwerera panyanja

Gwiritsani ntchito petulo watsopano. Injini zambiri zosakaniza mafuta zimafuna lita imodzi ya oilo pa malita 50 a petulo, koma tsatirani zimene lanena buku la injini yanu. Yambani mwaiyesa pagombe, muone ngati madzi akutuluka pakabowo kaja. Ngati sakutuluka, zimitsani msanga. Injini ikafera pakati pa nyanja usiku, mphepo itayamba, chimene chili pachiswe si nsomba zokha ayi, koma miyoyo ya alovi onse amene ali m'botimo. Nkhafi ndi chokapira madzi zisasowe m'boti.

Tikupempha makomiti kuti awerenge nkhaniyi pamsonkhano wa pagombe, ndipo eni injini akale athandize anzawo atsopano. Amene ali ndi mafunso aonane ndi mlangizi wa za usodzi wa m'dera lawo.