Nkhalango ya Mudzi Si Malo Opanda Mwini

Matauni monga Ulongué, Furancungo ndi Metangula akukula chaka ndi chaka. Ana anu akukwatira ndi kukwatiwa, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi amalonda akufuna pomanga nyumba. Choncho tsiku lina mudzamva kuti a boma akufuna kudula mapuloti pafupi ndi mudzi wanu. Kawirikawiri maso awo amagwera pa nkhalango, chifukwa pa mapu imaoneka ngati malo opanda kanthu: mulibe nyumba, mulibe mizere ya chimanga. Koma inu mukudziwa kuti m'menemo ndi mmene mumapeza nkhuni, luzi, udzu wofolera, bowa, masuku, uchi ndi mankhwala, ndiponso ndi mmene muli manda a makolo anu.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique amati nthaka yonse ndi ya Boma. Siigulitsidwa, ndipo munthu sangaipereke ngati chikole. Chimene anthu ali nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthaka ndi kupindula nayo, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT.

Lamulo la Nthaka la nambala 19/97, la chaka cha 1997, linavomereza kuti mudzi umene ukukhala pa malo motsata mwambo uli nawo kale ufulu umenewu, ngakhale ulibe chikalata. Linanenanso kuti umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wovomerezeka. Pofotokoza malo a mudzi, lamuloli linatchula mokhalamo, minda yolimidwa ndi yogonera, nkhalango, malo a mwambo, msipu, potunga madzi ndiponso malo osungira mibadwo ya m'tsogolo. Motero nkhalango yanu ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndinu.

Lamulo lina, la nambala 19/2007, ndi lokhudza kakonzedwe ka malo m'maboma ndi m'matauni. Ilo linapatsa nzika ufulu wodziwa zimene zili mu pulani ndi wopereka maganizo pamene pulaniyo ikukonzedwa. Muli ndi ufulu wopempha kuona mapu a mapulotiwo asanakhome zikhomo.

Kodi msonkhano womva maganizo a anthu umayenda bwanji?

Munthu kapena kampani ikapempha malo, akuluakulu a boma ayenera kuyamba amva maganizo a mudzi. Msonkhano wake amautcha consulta comunitária, ndipo cholinga chake ndi kutsimikiza ngati malowo alibedi owagwiritsa ntchito. Ndondomeko imene inakhazikitsidwa mu 2011 inagawa ntchitoyi pawiri. Pa msonkhano woyamba, mudzi umauzidwa za pempholo ndi kuonetsedwa malire a malo amene akufunidwa. Msonkhano wachiwiri umachitika pasanapitirire masiku 30, ndipo ndi pamene mudzi umapereka yankho lake.

Musalole kuti misonkhano iwiriyi ichitike tsiku limodzi. Masiku a pakatiwo ndi anu, oti mukambirane panokha alendo atapita. Zakudya ndi zakumwa zimene ofuna malo angabweretse pa msonkhano si malipiro, ndipo kuzilandira sikutanthauza kuti mwavomera.

Konzekani msonkhano usanafike

1. Yendani m'nkhalangomo pamodzi ndi mfumu, anyakwawa, okalamba, amayi ndi achinyamata. Amayi asatsale, pakuti iwo ndiwo amadziwa bwino kumene kuli nkhuni, bowa ndi madzi.

2. Jambulani mapu, poyamba pansi, kenaka papepala. Sonyezani manda, dambwe, akasupe, ming'oma ya njuchi, mitengo ya zipatso ndi njira za ziweto.

3. Itanani midzi yoyandikana nanu kuti mugwirizane za malire. Mudzi umene ukulimbana ndi anansi ake sumveka pamaso pa boma.

4. Gwirizanani za mbali ya nkhalango imene siyenera kukhudzidwa, ndipo funani malo ena oyenera nyumba amene mungawapereke m'malo mwake. Mudzi wobwera ndi njira ina umamveka msanga kuposa wongokana.

Dziwaninso kuti lamulo la 1997 linaika mtunda wa mamita 100 kuzungulira kasupe m'gulu la malo otetezedwa, kumene munthu sangapatsidwe DUAT. Ngati m'nkhalango yanu mumatumphuka madzi, nenani zimenezi poyera. Mitengo ya pamwamba pa phiri ikatha, madzi a mvula amathamanga ndi kukokolola nthaka, ndipo zitsime za kumunsi zimaphwa msanga m'chilimwe. Ngakhale eni nyumba zatsopanozo adzavutika nazo.

Zolankhulidwa zilembedwe

Pa msonkhano pamalembedwa chikalata chotchedwa acta. Ichi ndicho chimapita ku ofesi, ndipo mawu amene sanalowemo amathera pansi pa mtengo pomwepo. Pemphani kuti chiwerengedwe mokweza ndi kumasuliridwa m'Chinyanja aliyense asanasaine. Onani ngati mwalembedwa kukula kwa malo, malire a nkhalango yotsala, njira yopita kumanda ndi kumadzi, ndiponso lonjezo lililonse pamodzi ndi dzina la wodzalikwaniritsa ndi tsiku lake. Mawu akuti "tidzakuthandizani" salonjeza kanthu. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala losalembedwa, ndipo mudzi usunge kope lake. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Phunziro la ku Moatize

Pakati pa 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Moatize kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Oposa 700 mwa iwo anapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Analandira nyumba zatsopano, koma ambiri anadandaula za nthaka yosabereka, kuvuta kwa madzi ndi kutalikira kwa msika kumene ankagulitsa nkhuni ndi makala. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji posonyeza kusakondwa. Chaka chomwecho boma linatulutsa lamulo la nambala 31/2012, lolamula kuti pachitike misonkhano yosachepera 4 pokonza zosamutsa anthu chifukwa cha ntchito za chuma. Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa kuti nyumba yokha siidyetsa banja. Zimene banja limapeza kuthengo ziyenera kuwerengedwa anthu asanavomere.

Nanga boma likaumirira?

Boma lingathe kutenga malo chifukwa cha ntchito yothandiza anthu onse, koma lamulo la 1997 linati chipukuta misozi choyenera chiperekedwe malowo asanatengedwe. Ngati mwaona kuti msonkhano sunachitike, kapena acta yalembedwa zosiyana ndi zimene munanena, lembani kalata yodandaula kwa Administrador wa boma lanu, kapena ku khonsolo ngati muli m'tauni. Sungani kope lodindidwa ndi tsiku limene ailandira. Thandizo la za malamulo kwa anthu osauka limapezeka ku IPAJ.

Musadikire mpaka oyeza malo afike. Mudzi ungathe kupempha kuti malire ake ayezedwe ndi kulembedwa m'kaundula wa boma, ntchito imene amaitcha delimitação. Ikatha, mudzi umalandira chikalata chotchedwa certidão, ndipo nkhalango yanu imaoneka pa mapu ndi dzina la mudzi wanu. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wa mudzi ukubwerawu.