Tiyese usipa usanakwere galimoto

Usipa wa ku Salima ndi ku Nkhotakota umakagulitsidwanso kumapiri, m'misika ya Mvera, Mponela ndi Madisi m'boma la Dowa, komanso ku Malomo m'boma la Ntchisi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, usipa suuma msanga pathandala. Tikaulongedza usanaumitsitse, umakafika kumsika utachita nkhungu kapena mphutsi.

Kodi chotchipa n'chiti, kuyesa katundu kapena kubweza wina akaonongeka? Mbedza ikathyoka timangogula ina, chifukwa kuyesa iliyonse n'kutaya nthawi. Koma mtanga wa usipa ukakanidwa ku Mponela timaluza patatu: nsombazo, ndalama ya galimoto, ndiponso kasitomala, amene ulendo wina adzakapikula padoko lina.

Kuyesa sikulira ndalama. Titape usipa wodzaza dzanja pamwamba, pakati ndi pansi pa mtanga. Wouma bwino umathyoka tikaupinda ndipo sununkha chivundi. Ukangopindika osathyoka, tiubwezere pathandala.

Tikupempha makomiti a BVC kuti alimbikitse mchitidwe umenewu m'madoko mwawo, ndipo kuyesako kuzichitika wogula akuona. Doko la mbiri yabwino silisowa ogula.