Diso Loyeza Liŵiro la Galimoto

Pa Zalewa, m'boma lathu lino la Neno, msewu wa M6 wochokera ku Mwanza umakumana ndi wa M1 wolumikiza Blantyre ndi Lilongwe. Malole ochokera ku Tete, mabasi ndi maminibasi amadutsapo usana ndi usiku, pomwe amayi akugulitsa malonda m'mphepete ndipo ana akuwoloka. Nchifukwa chake nkhani ya makina oyeza liŵiro ikutikhudza ife tonse.

M'chaka cha 1958, Maurice Gatsonides wa ku Netherlands, katswiri wa mpikisano wa magalimoto, adayambitsa kampani yopanga makina otere. Lero m'mizinda yambiri ya kunja ntchitoyi ikugwiridwa ndi makamera a kanema opachikidwa pamitengo yachitsulo, ndipo kwathu kuno apolisi apamsewu amatchera makina awo m'mbali mwa misewu.

Kodi kamera imadziŵa bwanji kuti galimoto yathamanga mopyola muyeso? Imachita masamu omwe aja timaphunzitsa kupulayimale: mtunda kugaŵa ndi nthaŵi. Kamera imajambula zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Tiyerekeze kuti pamsewu pali mizere iŵiri yotalikirana mamita 20. Kompyuta imaŵerenga zithunzi zimene zajambulidwa galimoto ikuchoka pa mzere woyamba kufika pa wachiŵiri. Ikatenga sekondi imodzi, ndiye kuti ikuyenda makilomita 72 pa ola. Nambala yake nayonso imajambulidwa, kotero woyendetsa sangakane.

Masamu omwewo ali ndi chenjezo loopsa. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Woyendetsa akaona mwana, nachedwa sekondi imodzi kuponda mabuleki, mtunda wonsewo wapita kale. Ndiponso liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umaŵirikiza kanayi. Bungwe la World Health Organization lidanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse.

Komatu kamera siiponda mabuleki. Tonse timawadziŵa madalaivala amene amaphethirirana nyali kuchenjezana za apolisi, nayambanso kuthamanga akangowapitirira. Inu achinyamata oyendetsa njinga zamoto za kabaza, musaope chindapusa chokha, opani kuchotsa moyo wa munthu. Makolo, tiphunzitse ana kuyang'ana mbali zonse asanawoloke. Ndipo tikakwera minibasi yothamanga mosasamala, tisakhale chete poopa kunyozedwa ndi kondakitala. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.