Nguluwe sizidziwa malire a minda

Chimanga chikayamba kukhwima ku Malowera, m'boma la Maravia ku Mozambique, mlimi amene munda wake uli m'mbali mwa thengo sagona kunyumba. Amasonkha moto pachulu n'kumagogoda chitini mpaka tambala woyamba. Koma akamalondera yekha, nguluwe zimangolambalala n'kukalowa kwa mnzake amene ali m'tulo. Zikalawa kumeneko, mawa zibweranso ndi ana omwe.

Katangale amayendanso chomwecho. Taganizani wogula mbewu amene wanyamula matumba kulowera ku Tete, panjira n'kuuzidwa kuti asiye ya refresco, ndiye kuti kachiphuphu. Akakana yekha, lole yake iswera padzuwa, pomwe mnzake wopereka wafika kale kumsika. Sindingamunyoze akapereka, poti ana ake akudikira. Chimene chimandipweteka n'chakuti aliyense wopereka amazoloweretsa nguluwe njira ya kumunda wa wina.

Eni sitima zapamadzi anazindikira zimenezi. Mu 2011 anakhazikitsa Maritime Anti-Corruption Network, chifukwa oyendetsa sitima ankapemphedwa makatoni a ndudu m'madoko ndi pa Suez Canal. Anapangana zokana onse pamodzi ndi kulemba paliponse pamene apemphedwa. Sitima imodzi ungaichedwetse, koma onse akakana, wopemphayo ndiye amaonekera poyera.

Tsono mabungwe omwe si aboma ndiwo munthu uja wa pachulu. Alibe mkondo, ali ndi chitini chokha. M'zaka za 2013 ndi 2014, makampani atatu, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, boma la Mozambique n'kulonjeza kuti lidzabweza akalephera, popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, mitengo ya zinthu n'kukwera. Mayi wa ku Maravia, amene nyanja yamchere sanaionepo, analipira nawo maboti ophera nsomba ogulidwa ndi ngongolezo kudzera pa mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira. Bungwe lomwe si laboma la Centro de Integridade Pública linagawa malaya olembedwa kuti nzika sizilipira ngongole zobisikazo. Linzake, la Fórum de Monitoria do Orçamento, linasonkhanitsa masiginecha, ndipo mu 2019 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti ngongole ya EMATUM inali yosavomerezeka.

Nanga nguluwe ikadumpha malire? Ku Malowera, kufupi ndi Zambia, funso limeneli si lachilendo. Mayiko a SADC anasayina pangano lothana ndi katangale ku Blantyre mu 2001. Umenewo ndi mpanda, ndipo mpanda wopanda mlonda nguluwe imaufukula pansi. Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma ya ku Mozambique, anamangidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018 pa mlandu wa ngongole zija. Boma la Mozambique linkafuna kuti abwerere kwawo. Fórum ija inatsatira mpaka m'makhothi a South Africa, kunena kuti kwawoko mlandu ungathe kuzizira. Anakokanakokana zaka zoposa zinayi. Mu Julayi 2023 Chang anatumizidwa ku America, khothi la ku Brooklyn linam'peza wolakwa mu Ogasiti 2024, ndipo mu Januwale 2025 linam'lamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.