Kuyesa Masewera Asanafike kwa Anthu

Masewera alionse ali ndi malamulo ake. Bawo ili ndi malamulo, phada nayenso ali ndi malamulo. Malamulo akakhala abwino osewera amakondwa, koma akakhala osokoneza anthu amakangana, mwinanso kuleka kusewera kumene. Masewera a pa kompyuta nawonso amapangidwa ndi anthu, ndipo m'maiko ena ntchito imeneyi amachita kuiphunzira kusukulu za ukachenjede.

Imodzi mwa sukulu zotere ndi University of Southern California, imene ili mu mzinda wa Los Angeles, ku Amereka. Kumeneko Mayi Tracy Fullerton anatchuka pophunzitsa kapangidwe ka masewera. M'chaka cha 2004 iwo pamodzi ndi anzawo awiri anatulutsa buku lotchedwa Game Design Workshop. Phunziro lalikulu la m'bukuli ndi lakuti masewera ayenera kuyesedwa ndi anthu ena kuyambira pachiyambi penipeni.

Wophunzira akaganiza masewera atsopano, sathamangira ku kompyuta ai. Amayamba wawapanga ndi mapepala, makadi ndi tizinthu tina totsika mtengo. Amatero chifukwa pepala likalakwika salimvera chisoni. Amangoling'amba ndi kulemba lina. Koma kukonza masewera amene alowa kale m'kompyuta kumadya nthawi ndi ndalama zambiri.

Poyamba wophunzirayo amasewera yekha. Kenaka amaitana anzake a m'kalasi. Pomaliza amaitana anthu osawadziwa, pakuti bwenzi limaopa kukhumudwitsa mnzake, motero limangoyamikira ngakhale zinthu zosakoma.

Alendowo akayamba kusewera, mwini masewera amakhala pambali, pensulo ili m'manja. Amawapempha kuti azilankhula mokweza zonse zimene akuganiza. Iye amalemba pamene aseka, pamene asokonezeka, ndi pamene ayamba kuyasamula. Chovuta kwambiri ndicho kukhala chete. Munthu akasochera m'masewera, mtima wa mwini wake umafuna kumuuza njira. Koma sayenera kutero, popeza anthu amene adzagule masewerawo adzasewera kwao, kopanda wowalongosolera. Akatha kuyesa, wophunzira amasintha zolakwika zija ndi kuitananso anthu ena. Amabwereza chomwecho kambirimbiri mpaka masewera atakoma.

Mmodzi wa ophunzira a pa sukuluyi anali Jenova Chen, wochokera ku Shanghai, m'dziko la China. M'chaka cha 2005 iye, Kellee Santiago ndi ophunzira anzawo anapanga masewera otchedwa Cloud, onena za kamnyamata kodwala kamene kamalota kakuuluka m'mitambo. Mu 2006 Chen ndi Santiago anayambitsa kampani yaoyao, ndipo chizolowezi choyesa masewera sanachisiye kusukulu.

Patapita nthawi anayamba kupanga masewera ena otchedwa Journey. M'masewera amenewa munthu amayenda m'chipululu kulowera ku phiri lalitali, ndipo panjira amakumana ndi wosewera wina wosamdziwa kudzera pa intaneti. Chen ankafuna kuti alendo awiriwo azithandizana paulendo. Koma poyesa anaona zodabwitsa. M'malo mothandizana, oyesawo ankakankhana ndi kugwetserana m'mavuto, uku akuseka.

Chen anakhumudwa, koma sanawadzudzule. Anazindikira kuti cholakwa chinali m'malamulo amene iye ndi anzake anapanga, pakuti kukankha mnzako ndiko kunali kosangalatsa koposa zonse. Tsono anachotsa njira yokankhirana. Anakonza zakuti osewera akayandikirana azipatsana mphamvu zoulukira. Masewerawa anatuluka m'chaka cha 2012 ndipo analandira mphoto zambiri. Osewera ochuluka anasimba za chifundo chimene anachitiridwa ndi anthu amene sanawaonepo nkhope.

Akadapanda kuyesa, cholinga chonse cha Chen chikadalephereka iye osadziwa. Munthu amene wapanga chinthu amachizolowera, motero maso ake saona zolakwika zake. Paja akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Ngakhale ana amene apeka masewera atsopano pabwalo la sukulu angathe kutsata njira yomweyi: kuitana anzao, kuonerera mwakachetechete, ndi kusintha lamulo limene likuyambitsa mkangano.

Mafunso

1. Kodi University of Southern California ili mu mzinda uti?
2. Chifukwa chiyani ophunzira amayamba kupanga masewera ndi mapepala?
3. Chifukwa chiyani mwini masewera sayenera kuthandiza oyesa?
4. Kodi Chen anaona chiyani poyesa masewera a Journey, nanga anachitapo chiyani?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga.